Kodi Mumadziwa? Maso Ouma a ku Mafakitale a Lusaka ndi Kansalu Kofunda

Kodi mumadziwa kuti diso limene limangotuluka misozi tsiku lonse nthawi zambiri limakhala louma? Mukaima pa Mungwi Road nthawi yoweruka m'mwezi wa Ogasiti, khamu likutuluka m'mafakitale kulowera ku Matero, ku George ndi ku Kanyama, mudzaona ambiri akupukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi. Mungaganize kuti misozi yawachulukira. Ayi ndithu. Pamwamba pa diso pakauma, mitsempha imatumiza uthenga wangozi, ndipo thumba la misozi limene lili kuseri kwa chikope cham'mwamba limakhuthula madzi ambiri nthawi imodzi. Madzi aphuma amenewa sakhazikika. Ena amatsikira pa tsaya, ena amalowera m'mphuno, ndipo pakangopita mphindi zochepa munthu uja wayambanso kumva mchenga m'maso.

Kodi mumadziwa kuti misozi si madzi okha? Muli zinthu zitatu zosanjikizana. Pansi pali kamadzi kolenda kamene kamamatiza misozi pa diso. Pakati pali madzi amchere. Pamwamba penipeni pali mafuta, ndipo ntchito yake ndi kuletsa madziwo kuuma ndi mphepo. Zitatu zonsezi mukaziphatikiza sizifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu.

Nanga mumadziwa kumene mafutawo amachokera? Imani pa kalilole, mukokere pansi chikope cham'munsi. M'mphepete mwake, kuseri kwa nsidze, muli mzere wa timabowo tating'onoting'ono. Kabowo kalikonse ndi khomo la kathumba ka mafuta. Chikope cham'mwamba chili ndi timatumba 25 mpaka 40, cham'munsi 20 mpaka 30. Dokotala wa ku Germany, Heinrich Meibom, anatifotokoza m'chaka cha 1666, ndipo mpaka lero achipatala amatitchula ndi dzina lake. Nthawi iliyonse mukaphethira, zikope zimafinya timatumbati, kamafuta n'kutuluka n'kuyalika pa diso.

Kodi mumadziwa kuti ambiri odwala maso ouma chimene amasowa ndi mafutawo, osati madzi? Kafukufuku wa Michael Lemp ndi anzake, wofalitsidwa mu 2012, anapeza kuti mwa odwala 100 alionse amene vuto lawo linadziwika gwero lake, 86 anali ndi timatumba ta mafuta tosagwira bwino ntchito. Izi ndi zimene zimachititsa kuti munthu adontheze mankhwala botolo ndi botolo, n'kumangopeza mpumulo wa theka la ola.

Kodi mumadziwa chifukwa chake kuthowa m'maso kumathandiza? Mafuta a munthu wabwinobwino amakhala atasungunuka kale pa madigiri pafupifupi 32, choncho kutentha kwa chikope chenichenicho kumawakwanira. Akawonongeka amalimba, amafuna madigiri 35 kapena kuposa, n'kutseka timabowo tija. Amene anaonapo mafuta a nyama ataundana pa mbale m'mawa wa mu Juni akudziwa kuti kuthirapo madzi ozizira n'kutaya nthawi, koma mbaleyo ikangofunda mafuta amayenderera okha. Akatswiri a maso amafuna kuti mkati mwa chikope mufike madigiri pafupifupi 40 ndipo mukhale choncho kwa mphindi zingapo. Kudutsa madigiri 45 ndiye mwayamba kuotcha khungu.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndiye tiyeni tichedwepo. Kodi mumadziwa kuti kansalu konyika m'madzi ofunda kamazizira pasanathe mphindi ziwiri? Munthu amauzidwa kuchipatala kuti azithowa, amapita kunyumba, amanyika kathaulo kamodzi, amaika kumaso, amakhala phee mphindi khumi ndi nsalu yozizira, kenako pakatha sabata amauza anzake kuti zimenezi n'zabodza. Kutenthako sikunafike n'komwe pa mafuta. Njira yake ndi iyi. Sambani m'manja ndi sopo. Wiritsani madzi, muwasiye apole mpaka muzitha kuviikamo chala osafulumira kuchichotsa. Tengani tinsalu toyera titatu kapena tinayi, mutiviike tonse m'beseni. Finyani kamodzi, mukayese kaye kunsi kwa mkono, pamene khungu ndi lofewa. Kakakhala kofunda bwino osaluma, tsinzinani, mukaike pa zikope. Kakangoyamba kupola, kabwezereni m'beseni mutenge kena. Muzisinthanitsa chomwecho mpaka zitakwana mphindi zisanu mpaka khumi, ndipo m'beseni muzionjezeramo madzi a mu fulasiki pang'onopang'ono. Ena amakulunga tinsalu tonse pamodzi mu mpukutu umodzi, n'kumasenda kakunja kokha; tam'kati timasungirana kutentha.

Kodi mumadziwa kuti zophimba m'maso zogulitsa m'mafamase ambiri zimafuna microwave kapena magetsi? M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti ankathima pafupifupi tsiku lonse m'makomboni a Lusaka, ndipo zinthu zoterezi zikanangokhala zokongoletsa pa shelefu. Kwa ine, fulasiki ndi tinsalu tinayi zimaposa chipangizo chodula chimene chimadikira ZESCO. Madzi amene mwawiritsa pa mbaula pophika tiyi wa m'mawa, tsanulirani ena mu fulasiki, madzulo mwapeza pothowera.

Koma kuwotha mbaula si kuthowa. Kuweramira pa makala kuti kutentha kufike kumaso kumaumitsa diso kwambiri, ndipo utsi umalinyerenyetsa. Kufukiza nthunzi ya poto wowira nakonso kwaotcha anthu ambiri nkhope.

Kodi mumadziwa kuti m'madera ena a ku Asia amathowa ndi dzira lowiritsa lokulunga m'nsalu? Limasunga kutentha nthawi yaitali kuposa nsalu yonyowa. Vuto lake ndi loti ndi lolimba, ndipo likangochoka m'poto limaotcha. Mukaliyesa, lipole kaye, mulikulunge, ligunde zikope mopepuka, musalikanikize pa diso.

Nkhani ya kukanikizayi ndi yaikulu. Kodi mumadziwa kuti kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso kakafunda kamatha kupindika mukakatikita mwamphamvu? Choncho mukatha kuthowa, sisitani chikope chokha, ndi nsonga ya chala choyera: cham'mwamba kuchokera kumwamba kutsikira ku nsidze, cham'munsi kuchokera pansi kukwera ku nsidze, kumene kuli timabowo tija. Pang'onopang'ono, kangapo, basi. Kenako pukutani m'mphepete mwa zikope ndi kansalu koyera konyowa kuchotsa mafuta otuluka ndi tinkhanambo ta m'nsidze. Mukatsegula maso n'kuona chimbuuzi kwa mphindi zochepa, musachite mantha: ndi mafuta aja akuyalika. Ingodikirani kuti kuyere musanagwire chiwongolero kapena makina.

Kodi mumadziwa kuti zotsatira zimachedwa? Kamodzi kapena kawiri pa tsiku, tsiku ndi tsiku, ndipo kusintha kwenikweni ambiri amakumva pakapita milungu ingapo. Mukasiya, mafuta amalimbanso. Vutoli ndi lamgonagona; munthu amakhala nalo n'kumalisamala. Choopsa n'choti kathumba kakatsekeka kwa zaka kamafota, ndipo kofota sikaphukanso.

Njira yomweyi ndi imene imathandizanso kachithupsa kapena kachotupa kolimba ka pachikope, chifukwa nakonso nthawi zambiri ndi kathumba ka mafuta kotsekeka. Kuthowa kangapo pa tsiku, osakafinya, osakaboola ndi singano. Kakakana kwa milungu ingapo, kapena kakamabwerera pamalo omwewo, akaone achipatala.

Kodi mumadziwa kuti madzi ndi nsaluyo zikhoza kubweretsa matenda atsopano? Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi mphako zambiri, ndipo ku Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri, moti zitsime zosazama ndi zimbudzi zokumba zimamwa m'madzi amodzi. Kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ina imene inayamba mu Okutobala 2023 mpaka bwalo la Heroes Stadium kusanduka chipatala, zinatiphunzitsa kuwiritsa madzi akumwa. Madzi opita kumaso nawonso awiritsidwe. Tinsalu tothowera tikhale ta munthu mmodzi, tichapidwe ndi sopo tsiku lililonse, tiyanikidwe pa chingwe padzuwa. Thaulo la banja lonse lisayandikire.

Tsopano mverani bwino, chifukwa si diso lililonse lopweteka limene limafuna kutentha.

Kodi mumadziwa kuti ululu wa owotcherera zitsulo umabwera mochedwa? Amene amawotcherera mageti ndi mafelemu m'mbali mwa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga, kapena m'mawekishopu a ku Chinika, akugwira ntchito popanda chigoba chakumaso, samva kanthu masana. Pakapita maola 6 mpaka 12, pakati pa usiku, maso amayamba kulasa, misozi mbwee, kuwala kosapiririka. Kuwala kwa moto wowotcherera kwapsereza khungu la pamwamba pa diso. Limeneli ndi bala la moto. Likufuna nsalu yozizira, mdima ndi chipatala. Nthawi zambiri limapola pa tsiku limodzi kapena awiri. Mkaka, madzi a shuga kapena mkodzo sizichiza, zimangolowetsa tizilombo pa bala. Ndipo woimirira pambali kugwirizira chitsulo amapsa chimodzimodzi ndi wowotchererayo.

Kodi mumadziwa kuti simenti ndi laimu zikalowa m'diso zimapitiriza kudya mnofu mpaka zitachotsedwa? Oumba mabuloko, otsitsa matumba a simenti pa lole, okonza mabatire a galimoto: apa palibe za kansalu. Tsegulani diso pansi pa mpopi kapena tsanulirani madzi oyera osalekeza kwa mphindi zosachepera 20, kenako thamangirani kuchipatala. Kutsuka kuyambe pomwepo, osadikira galimoto. Kachitsulo ka pa girayinda kakabaya diso, musatikite, musayese kukachotsa ndi machesi kapena ngodya ya mpango. Pakangopita maola ochepa kamasiya dzimbiri pa diso.

Maso oyabwa kwambiri, makamaka a ana amene zoyera za m'maso mwawo zimasanduka zofiirira chaka ndi chaka, kawirikawiri amakhala akudana ndi fumbi kapena mungu. Amenewa amafuna nsalu yozizira. Kutentha kumaonjezera kuyabwa. Maso ofiira a manthongo, onga amene anafala ku Tanzania, ku Malawi, ku Mozambique ndi kuno ku Zambia mu 2024, ndi opatsirana, ndipo nsalu yoyendayenda m'nyumba ndiyo imawafalitsa. Ululu waukulu, kuona kukuchepa, kadontho koyera pa gawo lakuda la diso, kapena diso limodzi lokha kufiira ndi kuopa kuwala: tsiku lomwelo kuchipatala.

Kodi mumadziwa kuti foni imakuiwalitsani kuphethira? Madokotala a ku Japan, Kazuo Tsubota ndi Katsu Nakamori, analemba mu 1993 kuti anthu amene anawayeza ankaphethira pafupifupi ka 22 pa mphindi akakhala chabe, ka 10 powerenga buku, ndipo ka 7 kokha poyang'ana kompyuta. Nthawi imeneyo mafoni a masiku ano kunalibe. Ganizirani mtsikana wa m'kabuthu ka Airtel Money kapena MTN m'mbali mwa Lumumba Road, maso pa foni kuyambira m'mawa, fumbi la malole likulowa pa kawindo. Ganizirani kalaliki wa pa sikelo ya malole, kapena mlonda amene amapha tulo ndi TikTok. Kuphethira kochepako nakonso nthawi zambiri kumakhala kwa theka, zikope osakumana, mafuta osafinyika. Madokotala a maso amalangiza kuti mphindi 20 zilizonse muchotse maso pa foni, muyang'ane kutali kwa masekondi 20, mutsinzine mokwanira kangapo. Kompyuta ikhale m'munsi pang'ono mwa maso. Mukamayang'ana chotsika, chikope chimaphimba gawo lalikulu la diso.

Kodi mumadziwa kuti mzinda wa Lusaka uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,280 kuposa nyanja yamchere? Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula sigwa, mpweya umauma, mu Ogasiti mphepo imanyamula fumbi la misewu ya m'makomboni, ndipo mu Okutobala fani imazungulira usiku wonse. Fani imeneyo isaloze kumaso, chifukwa pogona zikope za anthu ena sizitsekeka zonse. Mpando wa pa windo mu minibasi ndi mphepo yoziziritsa ya m'lole yolunjika kunkhope nazonso zimaumitsa maso. Utsi wa fodya, wa makala ndi wa zinyalala zotenthedwa umaonjezera.

Ndinene mosabisa: kuthowa madzulo kenako n'kukakhala maola asanu ndi atatu m'fumbi la chigayo, la matabwa kapena la miyala popanda magalasi otchinga m'mbali, phindu lake ndi lochepa. Lamulo la Zambia la 2010 lokhudza umoyo ndi chitetezo pa ntchito linaika pa olemba ntchito udindo wopereka zodzitetezera. Koma amayi oswa miyala m'mbali mwa misewu ndi anyamata a maganyu a tsiku alibe bwana woti amufunse. Kwa iwowa magalasi apulasitiki a m'hadiweya, otchinga mpaka m'mbali, ndi ofunika kuposa botolo lililonse la mankhwala.

Kodi mumadziwa kuti mankhwala ena odontheza amene amachotsa kufiira msanga amatha kuchititsa khungu? Amene ali ndi dexamethasone, betamethasone kapena prednisolone amatonthoza diso tsiku lomwelo, n'chifukwa chake anthu amauzana za iwo. Kuwagwiritsa ntchito kwa milungu popanda dokotala kumakweza mphamvu ya madzi a m'kati mwa diso n'kuyambitsa matenda a glaucoma amene amapha mtsempha woonera mosamveka ululu, kumafulumizitsa ng'ala, ndipo kumakulitsa zilonda za pa diso. Mafuta a tetracycline nawo ndi opha tizilombo, si a maso ouma. Oyenera ndi misozi ya m'botolo, monga hypromellose kapena sodium hyaluronate. Ngati mukudontheza kuposa kanayi pa tsiku, funsani yopanda mankhwala osungitsa, chifukwa benzalkonium chloride amene amaikidwa m'mabotolo ambiri amanyerenyetsa diso akachuluka. Botolo wamba likatsegulidwa litayidwe pakatha milungu inayi.

Kodi mumadziwa kuti mankhwala a matenda ena amaumitsa maso? Piriton wa chimfine ndi ziwengo, amitriptyline, ndi mapiritsi ena a BP okodzetsa ali m'gululi. Musasiye kumwa nokha. Uzani amene anakulemberani. Matenda a shuga, HIV ndi nyamakazi yotupitsa mfundo nawonso amabwera ndi maso ouma. Odwala shuga asamale kwambiri poyesa kutentha kwa nsalu, popeza khungu lawo nthawi zina silimva msanga kupsa.

Amayi ndiwo amavutika kwambiri ndi maso ouma kuposa abambo, makamaka akasiya kusamba. Pensulo yodetsa m'maso ikapakidwa m'kati mwa mzere wa nsidze imagwera pa timabowo ta mafuta penipeni, ndipo guluu wa nsidze zomata amasunga litsiro pamalo omwewo. Mayi amene maso ndi m'kamwa zonse zimauma, mpaka kulephera kumeza buledi popanda tiyi, akayezetse: akhoza kukhala matenda amene dokotala wa ku Sweden, Henrik Sjögren, anawafotokoza mu 1933, amene thupi limaukira lokha matumba a misozi ndi a malovu. Pamenepo kuthowa pakokha sikukwanira.

Kodi mumadziwa kuti shuga wa patebulo ku Zambia anayamba kuikidwa vitamini A mwalamulo mu 1998? Kusowa vitaminiyu kumaumitsa maso a ana mpaka kuwachititsa khungu, ndipo chizindikiro choyamba ndi mwana kusaona bwino kukayamba mdima. Chimanga cha olenji chokhala ndi vitamini A chinatulutsidwa kwa alimi a Zambia mu 2012. Mbatata yofiira m'kati, maungu, mango, mapapaya, chiwawa ndi bondwe, mazira ndi chiwindi zimagwira ntchito yomweyo. Kuuma kwa mtundu umenewu sikumva nsalu yofunda.

Nanga makapusolo a mafuta a nsomba amene amalengezedwa kwambiri? Kafukufuku wamkulu wa ku United States wotchedwa DREAM, wa anthu 535, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti omwa makapusolowo sanapeze bwino kuposa amene anapatsidwa mafuta a olivi. Ndalama imeneyo kuli bwino mugule kapenta.

Kodi mumadziwa kuti Malawi anavomerezedwa ndi bungwe la WHO mu 2022 kuti wathetsa matenda a maso a trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu? Komabe kwa amene anadwalapo kale, matendawa amasiya zipsera m'kati mwa chikope, kuwononga timatumba ta mafuta ndi kupindira nsidze m'kati kuti zizikanda diso. Agogo amene anakulira kumudzi n'kumadandaula za mchenga m'maso, ayang'aneni nsidze. Ngati zikukhudza diso, chofunika ndi opaleshoni yaing'ono ya chikope.

Kodi mumadziwa kuti kuli makina othowera? LipiFlow, amene analoledwa ku United States mu 2011, amafunditsa m'kati mwa zikope pa madigiri 42.5 kwa mphindi 12 kwinaku akuzifinya. Mtengo wake ndi wa anthu a ndalama, koma chimene akufuna kuchita n'chimodzimodzi ndi cha beseni ndi tinsalu tanu.

Kodi mumadziwa kuti kuyeza maso ouma sikupweteka? Njira ina ndi ya Otto Schirmer, ya mu 1903: kapepala kakang'ono kamakolekedwa pa chikope cham'munsi kwa mphindi zisanu, ndipo kakanyowa mamilimita osafika asanu ndiye kuti madzi a misozi ndi ochepa kwambiri. Ina ndi kudontheza utoto wachikasu n'kuwerenga masekondi mpaka misozi itang'ambika pa diso. Ikang'ambika asanakwane khumi, sikukhazikika bwino. Yambirani pa kiliniki kapena pa chipatala cha m'dera lanu, ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, ku Chipata kapena ku Chilenje. Akaona kuti n'zazikulu adzakutumizani ku chipatala cha maso cha ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Kulinso Lusaka Eye Hospital ya mpingo wa Adventist. Popita nyamulani mabotolo onse amene mwakhala mukudontheza, ngakhale otha ndi obwereka kwa aneba, pamodzi ndi mapiritsi a shuga, a BP kapena ma ARV amene mumamwa, ndipo muwauze ntchito imene mumagwira.